Ntchafu yatupa: ndikalipire makina a ultrasound kapena ndizingopaka mankhwala?

Namba5waNgabu
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Loweruka tinali ndi bonanza kuno ku Ngabu. Tikulimbirana mpira wa m'mwamba, mnyamata wa timu inayo anandilasa ndi bondo pantchafu yakumanja, kutsogoloku. Mpira ndinamaliza, paja thupi likatentha sumva kanthu. Koma pofika usiku mwendo unali utauma ngati chipika, bondo osapindika. Lero ndi Lachitatu, potupa pakadali, ndipo ine ndimadya za kabaza. Masiku anayi njinga ili chotsamira khoma, tanthauzo lake mukulidziwa.

Mlamu wanga wa ku Blantyre akuti ndikwere, kuli kiliniki ina ya pulaiveti imene ili ndi makina a ultrasound osungunula zotupa, ndipo ndikafunika kupitako maulendo khumi. Mtengo umene watchula, kuphatikiza minibasi yokwera ndi kutsika phiri, ukukwana mbuzi ziwiri. Kuno amayi akuti andithowe ndi madzi otentha kenako andiperekeze kwa agogo ena akanditeme mphini. Mnzanga wa pa siteji wandipatsa Indocid ndi kabotolo ka mankhwala opaka otentha aja. Ndimvere ndani? Makinawo amagwiradi ntchito kapena ndikangotaya mbuzi?

AnkoloDyeratu
Mbuzi ziwiri chifukwa cha bonanza imene mphoto yake inali mbuzi imodzi.

Namba5waNgabu
Ankolo, ndipo mbuziyo sitinaiwine.

MaiWaThonje
Ultrasound si ija amaunikira amayi oyembekezera? Ndiye m'ntchafumo akukafunamo mwana?

SirFizikisi
Mayi, dzina ndi limodzi koma ntchito ndi ziwiri. Makina onsewa amagwiritsa ntchito mafunde a phokoso limene khutu la munthu silingamve. Khutu lathu limalekezera pa kunjenjemera pafupifupi 20,000 pa sekondi, pamene makina a fizo, othandizira ovulala minofu ndi mfundo aja, amanjenjemera ka 1 miliyoni kapena ka 3 miliyoni pa sekondi. Ndicho chifukwa chake pamakinapo pamalembedwa 1 MHz ndi 3 MHz. Sikani ya amayi imatumiza mafunde n'kudikira abwerere kuti ijambule chithunzi. Ya fizo sijambula kanthu, imangolowetsa mphamvu m'mnofu. Ya 1 MHz imalowa mwakuya, masentimita atatu mpaka asanu, pamene ya 3 MHz imathera chapafupi ndi khungu. Jelo amene amayamba wapaka uja si mankhwala, ndi mlatho chabe, chifukwa mafundewa akakumana ndi mpweya amabwerera osalowa m'thupi.

Zoti zimachiritsa kapena ayi ndisiyira a zachipatala. Ine ndimalekezera pa bolodi.

FizoWaKwaTengani
Achimwene a Namba5, pepani ndi mwendowo. Ntchito yanga ndi imeneyi ndipo makina mukunenawo ndawagwira ndi manja angawa kambirimbiri, ndiye ndikuuzani mosabisa.

Chimene chachitika n'chakuti mnofu wanu unapanikizidwa pakati pa bondo la mnzanuyo ndi fupa lanu la ntchafu. Timitsempha ta magazi tinaphulika, magazi n'kukhuthukira m'kati, ndipo tiulusi tina ta mnofu tinaduka. Kutupa, kutentha ndi kupweteka kumene mukuonako si matenda ena obwera pambali. Ndi thupi limene latumiza asilikali ake kukachotsa zowonongeka kuti mnofu watsopano umere. Masiku oyambirira ndi oyeretsa, kenako kumabwera masabata omanga, kenako miyezi yolimbitsa. Palibe makina amene amadumphitsa masitepe amenewa.

Ultrasound imayendetsedwa m'njira ziwiri. Ikamayenda mosalekeza imafunditsa mnofu, ndipo pa bala latsopano ngati lanu sitifuna zimenezo. Ikamayenda modukizadukiza sifunditsa kwenikweni, ndipo ganizo lake ndi lakuti imatakasa timaselo kuti tigwire ntchito msanga. Pa nyama za m'labu zimaoneka ngati zilipo. Vuto limabwera akayesa pa anthu. Ofufuza amagawa odwala pawiri, ena amawaika makina oyaka, ena makina omwewo koma ozimitsa mwachinsinsi. Nthawi zambiri magulu awiriwa amachira mofanana. A bungwe la Cochrane, amene ntchito yawo ndi kuphatikiza zofufuza za m'maiko osiyanasiyana, ataunika za anthu obinya akakolo anapeza kuti phindu la makinawa ndi lochepa kwambiri, mwinanso palibe. Pa mnofu wovulala umboni wake ndi wofookanso.

Ndiye mukadakhala kuti makinawo ali pafupi ndipo ndi aulere, sindikadakuletsani, mphindi zisanu kapena khumi sizipha munthu akamaziyendetsa wodziwa. Koma kukwera phiri maulendo khumi, bondo litapanikizika m'minibasi, kusiya mbuzi ziwiri? Ayi. Yesani ichi kaye: gonani chafufumimba, pindani bondo kuti chidendene chibwere chakumatako, wina aone. Mwendo ukafika poima chilili kapena kupitirira, kuvulalako n'kochepa, sabata imodzi kapena ziwiri mukhala mukupalasa. Ukalekezera pakati, werengerani masabata atatu kapena anayi. Ukangodzuka pang'ono pamphasa, pitani kuchipatala mawa lomwe.

Golokipa_Nchalo
A Fizo ndikutsutsani pang'ono. Ine ndinang'ambika mnofu wa kumbuyo kwa ntchafu zaka zapitazo, anandiika makina omwewo kasanu ndi kamodzi, ndinachira bwinobwino. Lero ndikusewera. Inu mukunena za m'mapepala, ine ndikunena za mwendo wanga.

FizoWaKwaTengani
Sindikukana kuti munachira. Maulendo asanu ndi limodziwo anatenga masabata angati? Ndipo atazimitsa makina ankakuuzani kuti mudzuke muzipita?

Golokipa_Nchalo
Masabata atatu. Ankandichititsanso timasewera tina, kukoka mphira ndi phazi, kugona chagada n'kudzutsa chiuno, zoterozo.

FizoWaKwaTengani
Mwadziyankha nokha. Masabata atatu opuma mpira kuphatikiza timasewera tomweto. Makina anangopezekapo pa nthawi imene mwendo unkachira.

Golokipa_Nchalo
Kaya. Komabe ndikatsika pabedi paja ndinkamva kupepuka.

Nyakwawa77
Ana inu mwayamba liti kunyoza kuthowa? Ife takula tikupondedwa ndi ng'ombe kudibi, tikugwa m'ngolo, mankhwala ake anali kansalu ndi madzi otentha basi. Mayi ake a mnyamatayu akudziwa chimene akunena. Makina a chiyani, magetsi ake ati?

MphunzitsiWaMasewero
A Nyakwawa, ndi ulemu wonse, ndiloleni ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso. Mphwanga anagundidwa malo omwewo, pantchafu kutsogolo. Usiku womwewo azakhali anatereka madzi, kumuthowa, kenako amuna awiri kumugwira wina akukanda potupapo ndi zigongono kuti magazi oipa abalalike. Mwana ankalira ngati akuchotsedwa dzino. Anachita zimenezo masiku atatu. Patatha mwezi panali chinthu cholimba gwa m'kati mwa mnofu, ngati mwala, bondo osapindika. Titapita naye ku Queens anamujambula ekisire n'kutiuza kuti m'mnofumo mwayamba kumera fupa. Anataya chaka chonse cha mpira wa sukulu.

FizoWaKwaTengani
Vuto limenelo dzina lake ndi myositis ossificans, ndipo ntchafu yakutsogolo ndiye kwawo. Limathanso kubwera popanda kukanda ngati kugundako kunali koopsa, koma kukanda mwamphamvu, kuthowa msanga ndi kubwerera m'bwalo usanachire ndi zinthu zimene timaletsa pa chifukwa chomwechi. A Nyakwawa sakulakwitsa zonse. Kuthowa kuli ndi nthawi yake. Pa masiku awiri kapena atatu oyamba kutentha kumatsegula mitsempha, magazi n'kumatayikirabe m'kati. Kutupa kukasiya kukula, kansalu kofunda, osati kowotcha, kamafewetsa mwendo musanayambe kuupinda. Kuthowa n'kuyala nsalu, si kukanda ufa wa mandasi.

Nyakwawa77
Ndiye mwavomera kuti makolo ankadziwa.

AnkoloDyeratu
Avomera theka, a mfumu. Landirani thekalo.

Chemwali_waMarka
Ine ndimamva kuti munthu ukavulala uziika madzi oundana. Koma kuno mu Okutobala, kutentha kopitirira madigiri 40, magetsi akazima m'mawa kubwera usiku, madzi oundanawo uwapeza kuti? Filiji ya kugolosale imakhala ikutuluka thukuta ngati mwini wake.

KabazaWaThabwa
Mafirizi, chemwali. Ugule anayi, ukulunge m'kansalu, uike. Akasungunuka umwe. Palibe chotayika.

MaiWaThonje
Za magetsi musayambe. Chichokereni namondwe Ana atawononga ku Kapichira mu Januwale 2022 ine ndinasiya kukhulupirira filiji. Nsomba ndimayanika basi.

AnkoloDyeratu
Magetsi amapangidwira pakhomo pathu pompa koma woyamba kugona mumdima ndife.

Namba5waNgabu
Abale, ntchafu.

SirFizikisi
Kubwerera kuntchafu. Nkhani ya madzi oundanayi ili ndi mbiri yoseketsa. Dokotala wina wa ku America, Gabe Mirkin, ndiye anatchukitsa mu 1978 malangizo aja akuti RICE, kutanthauza kupuma, kuziziritsa, kumanga ndi kukweza mwendo. Mu 2014 mwini wake yemweyo analemba kuti kuziziritsa kwambiri ndi kupuma kwambiri kungachedwetse kuchira, poti kutupako kuli ndi ntchito yake. Ndiye ngati mwasowa firizi musadandaule kuti mwaphonya mankhwala.

NamwinoWopuma
Aphunzitsi, musawasokoneze ana. Kuziziritsa kumachepetsa ululu, ndipo munthu amene ululu wamuchepera amagona tulo. Mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, pansalu osati pakhungu penipeni, pa tsiku loyamba ndi lachiwiri, palibe choopsa. Choipa n'kugona nacho usiku wonse. Koma mwana wathuyu ali pa tsiku lachinayi, za firizi zadutsa. Chomwe chikanamuthandiza kwambiri usiku woyamba uja ndi kumanga bandeji bondo lili chopinda, kuti magazi asapeze malo odzaza ndipo mnofu usaume uli wowongoka. Enanu a mpira sungani zimenezo.

Ine chimene chandidetsa nkhawa ndi Indocid wapatsidwayo.

WodulaNzimbe
Indocid ndiye chakudya chathu amayi. Nyengo yodula, msana ndi mapewa zikamawawa, awiri m'mawa ndi tiyi, chikwanje chimayenda chokha. Ena amaphatikiza ndi Bufeni. Tonse timatero.

NamwinoWopuma
Mwana wanga, ndimve bwino. Indocid, Bufeni, diclofenac wakumwa ndi Asipirini ndi a banja limodzi. Kuphatikiza awiri sikuwonjezera mphamvu yothetsa ululu, kumangowonjezera kuvulaza. Mankhwala amenewa amakanda m'mimba mpaka zilonda, ndipo amachepetsa magazi opita ku impso. Tsono iwe uli m'munda wa nzimbe zowotcha, dzuwa la kuno, thukuta kutuluka ngati mvula, madzi akumwa ochepa. Impso zili kale pa ludzu, iwe n'kuzitsekeranso mpopi. Ku Nicaragua ndi ku El Salvador odula nzimbe ambiri afa ndi matenda a impso ali anyamata, ndipo ofufuza amaloza kutentha ndi kuchepa kwa madzi m'thupi, mankhwala a ululu amenewa akuganiziridwanso kuti amathandizira. Wa kabaza wopalasa masana ali m'bwato lomwelo.

Chinanso chimene anthu sakamba poyera. Ambiri amene akumwa ma ARV masiku ano ali pa mapiritsi otchedwa TLD, ndipo m'menemo muli tenofovir amene amadutsanso mu impso. Munthu woteroyo asamangogula Indocid pa okala osafunsa ku kiliniki kwake. Chimodzimodzi a BP, a shuga ndi amayi oyembekezera. Ululu ukavuta yambani ndi Panado, awiri a 500 mg, osapitirira asanu ndi atatu pa tsiku kwa munthu wamkulu, ndipo osatsirapo kachasu.

WodulaNzimbe
Mkodzo wanga nthawi zina umakhala ngati tiyi wopanda mkaka. Ndimayesa ndi dzuwa.

NamwinoWopuma
Ndi thupi likupempha madzi. Imwa mpaka uyere. Ukapanda kuyera, kapena ukaona mapazi kapena nkhope zikutupa, usadikire tchuthi, kayezetse.

ZaMuFamase
Ndilowepo pa zopakapaka, poti ndi zimene ndimagulitsa tsiku ndi tsiku ndipo anthu amazisokoneza.

Pali mitundu iwiri imene imafanana botolo koma yosiyana ntchito. Woyamba ndi uja wotentha kapena wozizira, wonunkhira kutali, ngati Deep Heat ndi timabotolo ta kumsika. M'kati mwake mumakhala menthol, methyl salicylate, nthawi zina camphor. Amenewa amanyenga khungu. Ubongo umatanganidwa ndi kutenthako n'kuiwala ululu wa pansi kwa kanthawi. Kutupa kwa m'kati sakuchotsa. Si oipa, koma musapake kenako n'kumanga zolimba kapena kuthowa pamwamba pake, khungu limapsa mpaka matuza. Ndinaonapo bambo wina atapaka, kukulunga jumbo, kumanga chitenje, n'kukagona. M'mawa anabwera ndi bala loposa limene ankachiza.

Wachiwiri ndi jelo wa diclofenac, ena amamudziwa ndi dzina la Voltaren, komanso jelo wa ibuprofen, wa piroxicam ndi wa ketoprofen. Awa ndi a banja lomwe a Namwino anena lija, koma opaka. Mosiyana ndi makina aja, awa akayesedwa pa anthu obinya ndi ovulala minofu amaonekadi kuti amachepetsa ululu kuposa jelo wopanda mankhwala. Ubwino wake ndi wakuti olowa m'magazi ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi akumwa, ndiye m'mimba ndi impso zimapumako. Mulingo wake ndi kadontho kokula ngati chipatso cha masawu, katatu kapena kanayi pa tsiku, kupaka mofatsa mpaka kalowe, kenako kusamba m'manja musanagwire m'maso. Sabata ikatha popanda kusintha, kaonaneni ndi dokotala m'malo mogula chubu china.

Osapaka pa bala lotseguka kapena pamene patemedwa mphini. Amene mphumu imawayamba akamwa Asipirini asagwiritse ntchito. Oyembekezera afunse kaye, ndipo miyezi itatu yomaliza ayi ndithu. Wa ketoprofen samverana ndi dzuwa, khungu limene lapakidwa likawombedwa limatha kutuluka zidzolo zoopsa ngakhale patapita masiku mutasiya. Kwa munthu wa kuno wovala kabudula panjinga, ndingasankhe diclofenac.

Ndiwonjezere: mafuta aja a m'timachubu amene ena amadzola kuti ayere, a betamethasone ndi clobetasol, palembedwa kuti amachotsa kutupa, koma ndi kutupa kwa khungu. Pa mnofu sachita kanthu.

Chemwali_waMarka
Nanga omwe amagulitsidwa pamphasa tsiku la msika, ochokera tsidya linalo, olembedwa Chipwitikizi? Ndi otchipa.

ZaMuFamase
Chipwitikizi si mlandu. Mlandu ndi dzuwa ndi gwero. Werengani pakatoni, ambiri amalembedwa kuti asungidwe pamalo osapitirira madigiri 25 kapena 30. Chubu chimene chakhala pamphasa ku Marka kuyambira m'mawa mpaka madzulo, msika ndi msika, ndani akudziwa chatsalamo? Ndipo wogulitsa pamphasa alibe chiphaso cha PMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, ukapsa khungu ukadandaula kwa yani? Onani tsiku lothera ntchito, onani ngati chubu chili chomata.

FizoWaKwaTengani
Ndigwirizane ndi a Famase, koma ndiike kamchere. Jelo amagwira bwino malo amene ali pafupi ndi khungu, monga akakolo, bondo, chigongono. Ntchafu ya wa kabaza ndi yonenepa ndi mnofu, ndipo povulala pali pansi pafupi ndi fupa. Adzamvako kupepuka, koma asayembekezere zodabwitsa. Ndipo ululu ukachepa chifukwa cha jelo sindiye kuti mnofu walumikizana. Ambiri amavulala kachiwiri pa sabata imene akumva bwino.

MbuyaWaKuMakhanga
Xamwali, zonsezi n'zambiri. Mafuta a nsato. Kupaka kawiri basi.

KabazaWaThabwa
Mafuta a nsato a pamsika aja theka lake ndi mafuta ophikira. Nsato zake zikanakhala zochuluka choncho bwenzi m'Lengwe mulibe mbawala.

MbuyaWaKuMakhanga
Anga ndi enieni. Anandipatsa ndi mlamu wanga msodzi wa ku Elephant Marsh.

AnkoloDyeratu
Mbuya, a zanyama zakutchire akuwerenga.

MbuyaWaKuMakhanga
Ndiye kuti anali a nkhuku.

MaiWaThonje
Ife kwathu timasinja masamba a chammwamba kapena a nimu n'kumata. Kumazizira bwino. Zimenezonso muletsa?

NamwinoWopuma
Pakhungu losang'ambika, masamba oyera, sindilimbana nanu mayi. Kuziziritsako n'kumene mukumva, ndipo mwendo ukupuma. Chimene ndikukana ndi lumo. Mphini pamwamba pa mnofu umene uli ndi magazi ogona ndi kutsegulira tizilombo chitseko cha nkhokwe. Kafumbata amalowera pa timabala totere, ndipo lumo logwiritsa anthu angapo mukudziwa zimene limanyamula.

KilinikoWaEastBank
Ndachedwa kulowa, netiweki kuno imafuna kukwera pachulu. Ndawerenga zonse ndipo pali chimodzi chimene sichinatchulidwe, chimene ife a m'zipatala za kumudzi timachiopa kuposa zonse. Kumadera otentha ngati kuno kuli matenda a chithupsa cha m'kati mwa mnofu, pyomyositis. Kachilombo kake nthawi zambiri ndi Staphylococcus aureus, ndipo kamakonda minofu ikuluikulu ngati ntchafu ndi matako, makamaka mnofu umene unagundidwapo. Poyamba zimafanana ndendende ndi kuvulala wamba: kuwawa, kulimba, kutupa. Kusiyana kwake n'kwakuti wovulala wamba amapepukidwa tsiku ndi tsiku, pamene uyu zimaipiraipira, thupi limatentha, usiku amanjenjemera. Ambiri amayesa malungo, amamwa LA, osasintha. Ndinalandirapo bambo wina amene anakhala masabata atatu akupaka mankhwala otentha. Titang'amba, mafinya anadzaza mbale. Munthu wotero akaikidwa makina a fizo aja ndiye kuthira palafini pamoto. Koma sikani ija a MaiWaThonje ankaseka ndiyo imathandiza, chifukwa imaonetsa ngati muli magazi ogona kapena mafinya.

Ndiye a Namba5, ngati thupi likutentha, ngati ululu ukukula m'malo mochepa, ngati ntchafu yalimba gwa ndipo phazi likuchita dzanzi, ngati katumba wa m'munsi mwa bondo watupa ndi kuwawa, kapena mukaona dzenje pamnofu ndipo mwendo ukukanika kuwongoka nokha, musafunsenso pagulu pano. Kwerani njinga ya mnzanu.

Namba5waNgabu
Thupi silikutentha adokotala. Ndayesa zogona chafufumimba zija, mkazi wanga akuti mwendo ukutsala pang'ono kuima chilili. Dzulo sunkafika pamenepo.

FizoWaKwaTengani
Nkhani yabwino imeneyo. Ndiye chitani izi. Katatu kapena kanayi pa tsiku, khalani pampando, kokerani phazi kumbuyo pang'onopang'ono mpaka pomwe mwayamba kumva kukoka, osati kubaya, gwirani pamenepo pang'ono, bwezani. Kakhumi. Mukakhala pamphasa mwendo uli wowongoka, limbitsani ntchafu ngati mukukanikizira bondo pansi, werengani mpaka faifi, masulani. Yendani pakhomo, ndi ndodo ngati mukutsimphina. Bondo likamapinda kupitirira poima chilili, yambani kupalasa njinga yopanda munthu pamalo osalala, chishalo mutakweza. Katundu ndi makasitomala onenepa adikire. Mpira mubwerere pamene mwendo wovulalawo ukupinda ngati unzake, mukutha kunjuta ndi kuthamanga osamva kanthu. Aliyense wofuna kukukandani ndi chigongono mumuuze kuti a fizo akana.

Golokipa_Nchalo
Funso lina a Fizo. Kumene ndinkapita kuja nthawi zina m'malo mwa jelo wamba ankapaka wa diclofenac kenako n'kuyendetsa makina pamwamba, akuti mafunde amakankhira mankhwala m'kati. Zimenezo bwanji, nazonso ndi bodza?

FizoWaKwaTengani
Sindinanene kuti bodza, ndati umboni ndi wofooka. Zimenezo zimatchedwa phonophoresis. Ganizo lake ndi lomveka, ndipo pali zofufuza zing'onozing'ono zimene zimaonetsa kusintha, zina osaonetsa. Koma jeloyo amalowa pakhungu ngakhale ndi chala chanu. Kusiyana kwa chala ndi makina sikukwana mtengo wa minibasi ya ku Blantyre.

Poti tafika apa, amene mudzaikidwe makinawa dziwani izi. Mutu wa makina uziyenda nthawi zonse, ukaima malo amodzi umatha kuwotcha, ndipo mukamva kuwawa kwa m'fupa nenani pompo. Saikidwa pamimba kapena m'chiuno mwa mayi woyembekezera, pa chotupa chokayikitsa khansa, pamene pali mafinya, pamwendo umene magazi aundana mumtsempha, m'maso, kumaliseche, pafupi ndi kamakina kothandiza mtima, ngakhale pa mapeto a mafupa a mwana amene akukula. Wokuikani akapanda kukufunsani mafunso amenewa, dzukani.

SirFizikisi
Ndipo ndaona timakina totere tikutsatsidwa pa Facebook, akuti ugule uzidziika wekha kunyumba.

ZaMuFamase
Tina mwa timeneto timangonjenjemera ngati foni. Ultrasound yeniyeni suimva kunjenjemera.

Nyakwawa77
Ndiye makina enieni sumva kanthu, ozimitsa sumvanso kanthu, onse ukulipira. Koma ana inu.

Golokipa_Nchalo
A mfumu, ine ndinamva kupepuka. Ndiikeni m'manda ndi mawu amenewo.

WodulaNzimbe
A Namwino, ndauza anzanga kumunda za impso zija. Wina akuti ndiye tizimwa chiyani poti Panado sagwira msana. Jelo uja angathandize pamapewa?

NamwinoWopuma
Pamapewa ndi pachigongono angathandize, ndipo ndi bwino kusiyana ndi kumeza Indocid m'mimba muli zii. Koma musadzole thupi lonse ngati Vaseline, mukapaka malo aakulu olowa m'magazi amachulukanso. Ululu wa tsiku ndi tsiku umene sukutha ndi wokaonetsa kuchipatala, si wogonjetsa ndi mapiritsi.

Namba5waNgabu
Ndabwera ndi lipoti, lero Lolemba. Lachisanu ndinapita pachipatala chathu cha pa Ngabu kuti mtima ukhale pansi. Anagwiragwira, anandiyeza kutentha, akuti fupa lili bwino ndipo palibe chizindikiro cha mafinya, ndibwerenso ndikaona kusintha koipa. Indocid ndinabweza kwa mwini wake. Ndinagula jelo wa diclofenac kufamase, ndikupaka katatu. Za mphini ndinawauza amayi kuti a dokotala aletsa, anangoti madokotala a masiku ano ndi amantha, koma akundithowa madzulo ndi kansalu kofunda ndipo onse tili pamtendere. Bondo tsopano likupitirira poima chilili. M'mawa uno ndapalasa kukafika kumsika ndi kubwerera, wopanda munthu. Mlamu wakwiya pang'ono, akuti anali atandilembetsa kale. Takhuta nonse.

KilinikoWaEastBank
Mukamva kachinthu kolimba m'katimo pakatha masabata atatu kapena anayi, kapena bondo likayamba kubwerera m'mbuyo, kajambulitseni.

MphunzitsiWaMasewero
Ndipo Loweruka likubwerali ndisakuoneni m'bwalo.

Namba5waNgabu
Tili ndi semi fainolo ndi a ku Miseu Folo. Ndingokaimirira kunja.

AnkoloDyeratu
Mkazi wake abise nsapato.